Komandanti Aphunzira Kukwera Kavalo

"Wongolani msana, a Komandanti. Zidendene pansi. Si bulu uyu."

Quitéria anaima pakati pa bwalo atagwira chingwe chachitali, kavalo akuzungulira. Pamsana pa kavaloyo panali Cipriano, komandanti wa zigawenga, munthu amene anapha mwamuna wake.

Pamsasa wa zigawenga uja nkhaniyi inkadziwika ndi aliyense. Baltazar, mwamuna wa Quitéria, anatengedwa ndi tropa, asilikali a Apwitikizi, ali mnyamata, n'kutumizidwa kusukulu ya akavalo ku Vila Pery. Kumeneko anaphunzira kusenga ziboda, kumanga chishalo, kukwera, ndi kuphunzitsa anthu ena kukwera. Ufulu utabwera azungu anathawa, kavalo mmodzi n'kutsala pa kwarteli, malo a asilikali, ku Fíngoè. Baltazar anamusamala zaka zonsezo, ndipo za kusukuluzo anazitsanulira mkazi wake. Nkhondo yapachiweniweni itafika, zigawenga zinamuwombera panjira ngati galu. Zinatenga kavalo, kenaka zinadzatenga mkazi ndi mwana wake wamkazi, Glória.

Kavaloyo anagwetsa Cipriano pamaso pa anyamata ake. Ndiye anaitanitsa wamasiyeyo kuti amuphunzitse. Ananeneratu poyera, wopanda manyazi: tsiku lodziwa kukwera ndilo tsiku lotenga Glória kukhala mkazi wake, ndipo adzachita kumunyamula pakavalo. Mwana woti mawere angoyamba kumene.

Quitéria anaphunzitsa. Osati mwachinyengo ayi, anaphunzitsa zenizeni. Kagwiridwe ka zingwe, kapanidwe ka mawondo, kakhalidwe pothamanga. Chingwe chachitali chokha ndicho sankachimasula. Cipriano ankasintha anthu akuona, ndipo Glória anasiya kudya.

Panalinso za mchere. Chaka chimenecho anthu ankathira madzi a phulusa m'ndiwo, koma komandanti ankapatsa Quitéria mchere wodzaza chikhatho woti kavalo azinyambita. Iye ankaumanga m'kansanza, n'kuubisa m'chiuno. Kavalo ankangonyambita mtengo womangapo, mpaka khungwa kutha. Amayi ogwidwa anzake ankaona zonsezi.

"Mwamuna mwamugulitsa ndi mchere, amake Glória," anatero Rosária, mmodzi wa iwo, akusinja. "Mwanayu mumugulitsa ndi chiyani?"

"Sinjani, amayi. Pakamwa sipaphwanya chimanga."

M'mawa wina Cipriano anazungulira bwalo osagwedera n'komwe. Anatsika akumwetulira, maso ali kukhumbi la Glória.

"Ndatha, si choncho, apongozi?"

Quitéria analavula pansi. "Kusukulu munthu samaliza asanakhoze mayeso. Amathamangitsa kavalo atasiya zingwe, manja ali m'mwamba, mfuti atasiya pansi. Mwamuna wanga anakhoza. Za inu kaya. Mwina ndikufunireni bulu."

Anyamata anaseka, ena akubisa mano. Nkhope ya Cipriano inada. Anavula mfuti, n'kuiponyera womutsatira, n'kukweranso.

"Mundiona lero."

Quitéria anamanga chishalo molimba. Anatenga timizere ta chikopa, n'kumangirira mapazi a komandanti kuzopondera, mfundo pamwamba pa mfundo.

"Kuti musagwe," anatero. "Mkamwini wothyoka sindimufuna."

Rosária atamva mawu akuti mkamwini anatembenuka, n'kufunditsa Glória nsalu kumutu kuti asaone.

Quitéria anamasula chingwe chachitali chija. Anasisita kavalo pakhosi monga ankachitira Baltazar, kenaka anamuwomba khofi pathako.

Kavalo anauluka. Cipriano anakweza manja m'mwamba, akukuwa ndi chimwemwe, wowongoka ngati wophunzira wa ku Vila Pery. Msasa wonse unathamangira kumapeto kwa bwalo, anyamata akuwomba m'manja, alonda omwe atasiya malo awo, kudikira kuona pamene akhotere.

Quitéria sanadikire nawo. Anagwira Glória padzanja, n'kukoka Rosária pansalu.

"Tiyeni. Mchere wa paulendo ndili nawo."

"Nanga akabwerera?"

"Ndani?"

Analowa m'tchire cha kumbuyo, palibe anawaona. Fumbi la kavalo linali litafika kale patsinde pa phiri, osakhota.

Phunziro limodzi lokha la Baltazar ndilo Quitéria sanalipereke: kavalo womanidwa mchere ukamusiyira zingwe, amalunjika kumene anaunyambita. Uyu ankaunyambita malo amodzi, kuseri kwa phiri lomwelo, pachipata cha kwarteli ya ku Fíngoè, pamene asilikali a boma ankasaka Cipriano chaka chonse. Komandanti anawafikira yekha, wopanda mfuti, womangidwa miyendo, manja ali kale m'mwamba.