Chithunzi Chokana Kukwera Masitepe

Pamene madzi a mtsinje wa Marikina ankafika m'mawondo m'nyumbamo, Minda ndi mwamuna wake Rodel anali atayesa katatu kukweza chithunzicho kuchipinda cham'mwamba. Chinkangokakamira pokhota masitepe.

Linali thabwa lalikulu kuposa chitseko. Panalibe nkhope kapena mtengo, koma mizere yofiira ndi mawaya a kopa okhotakhota ngati njira za magetsi m'kati mwa wailesi. Mawayawo anasiya ndi malemu bambo ake a Minda, amene ankakonza magetsi. Minda anawamata mmodzimmodzi kwa miyezi isanu ndi itatu.

"Tichidule pakati," anatero Rodel ali wefuwefu.

"Mudule ndi chiyani, mano? Sowo yamira kalekale."

"Ndiye chisiye, Minda! Madziwa sakudikira munthu."

Kumwambako apongozi ake a Minda ankakuwa: "Ana inu, mukufuna kufera zokalakasazo? Kwerani!"

Minda analowa pansi pa thabwalo n'kulisenza pamutu. Madzi anafika m'chiuno, ozizira, onunkha ngalande. Posakhalitsa anafika pachifuwa. Rodel anangoima pafupi naye.

Ngodya imodzi inapendekeka n'kukhudza madzi. Minda ataikweza, ina inamira. Utoto wofiira unayamba kusungunuka n'kumayenderera m'zala zake mpaka m'zigongono.

"Rodel," anatero motsitsa mawu, "ndigwirireniko pang'ono pokha."

Rodel anatambasula dzanja. Sanagwire thabwalo. Anagwira mkono wa mkazi wake n'kumukokera pamasitepe.