Kampando ka Oferedwa

Lennah atangotsegula chitseko, jumbo ya tomato inagwa pansi. Magalasi onse odziyang'anira m'nyumba ya mabwana akeyo atakutidwa ndi nsalu. Kandulo ikuyaka masanasana. Patebulo mazira owiritsa. Pabalaza kampando kafupiii, ngati ka kusukulu ya mkaka.

Zimenezi ankazidziwa bwinobwino. Chaka chatha mayi awo a madam Dafna atamwalira ndege zitayima chifukwa cha korona, anachitanso chomwechi. Ayuda amati shiva: masiku seveni woferedwa amakhala pa kampando kotere, osagwira ntchito, ena n'kumamuphikira.

Ndiye lero wapita ndani? Bwana Elliot, amuna awo a madam, basi! Sabata yonse ali chodzitsekera kuchipinda, korona ikuwatsokomoletsa ngati jenereta yakale. Lennah kungopita kumsika wa ku Deira maola atatu okha, munthu n'kutsamaya!

Komatu Lennah misozi anali nayo kale yosunga. Bambo ake anamwalira Lolemba ku Ntcheu. Maliro anaonera pa foni ali m'bafa, mpope atatsegula kuti asamveke. Madam sanawauze. M'nyumba muli matenda, iwe n'kuyambitsamo zako? Anangoika kachithunzi ka bambo akewo pa sitetasi, khalas, basi.

Ndiye mtsikana anamanga chitenje m'chiuno n'kudziponya pa kapeti. Abale inu, kulira kwa ku Ntcheu pa fuloo 14 kkkkk!

"Mayo ineee! Bwana angaaa! Munthu wondipatsa pasiwedi ya Wi-Fi ndisanapemphe! Mwatisiyira ndaniii! Viza yanga asayina ndaniii!"

Madam anatulukira kukhitchini atavala epuloni ya Lennah. Madam amene sadziwa n'poyatsira kuka pomwe!

"Lennah, habibti, tamvera..."

"Pepani madam, pepani! Anali munthu wabwino, olo masokosi ankangotaya paliponse!"

Chitseko cha kuchipinda chinangoti kweee. Bwana Elliot, mamasiki awiri kukamwa, tsitsi lili nyankhalala.

"Masokosi a ndani?"

Eeeh! Lennah anakuwa n'kudumphira kuseri kwa sofa, silipasi imodzi kutsala pa kapeti. Madam anaseka mpaka kugwira khoma. Bwana kuseka, kutsokomola, kusekanso.

"Bwererani mkati inu, mutipatsira!" anatero madam, chitseko n'kutsekeka.

Lennah anasuzumira. "Nanga... nanga wamwalira ndani, madam?"

Madam anapukuta misozi ndi epuloni ija. Anamugwira dzanja, kumudzutsa, n'kupita naye pa kampando kaja. Anamuikira dzira m'manja, losweka mbali imodzi, lophikidwa mopitirira.

"Sitetasi yako ndaiona m'mawa uno. Khala apa. Masiku seveni, tsache usaligwire. Tiuze, bambo ako dzina lawo anali ndani?"

"A Nason," anatero Lennah, n'kukhala. Kulira kwachiwiriku kunalibe phokoso.