Foni ya Lulu Inkayankha Mwini Wake Kulibe

Panali mayi wina wa ku Balaka, dzina lake Elinah, ankagwira ntchito ya m'nyumba kunja kwa dziko lino, ku Jumeirah. Nkhaniyi ndinaimva kwa amene analipo. Tsiku la ofu, kuchipinda chimene ankakumanako ku dera la Satwa kunali iyeyo ndi anzake awiri, Hadijah ndi Selinah wa ku Chipata. Janeth, mkulu wake wa Elinah, kunalibe, madamu ake anamukaniza kutuluka. Akanakhalapo mwina sizikanafika apa.

Elinah anasiya mwana mmodzi kumudzi, wa zaka 17, kwa mlongo wake Rogers. Mwanayo anabadwa wamwamuna, anamutcha Nason, koma kuyambira ali wamng'ono ankati mumtima mwake ndi mtsikana, azimuitana Lulu. Tsikulo Hadijah anaonetsa anzake foni. Mnzake wa kusukulu wa mwanayo anali ataika pa Fesibuku chithunzi cha Lulu atavala diresi. Anthu akutukwana mazanamazana, ena ati tikakupeza uona. Selinah anaseka. Elinah manyazi anamugwira, pompo analemba pa gulu la banja la Watsapu kuti iye anabereka mwamuna, winayo samudziwa.

Janeth atamva anamuuza kuti mwanayo akuwerenga zotukwanazo yekhayekha, amuimbire amve mawu ake, zokangana pambuyo. Elinah anati khalasi, nkhani yatha, akasintha alemba yekha.

Patatha sabata uthenga unabweradi: ndili bwino amayi, ndasiya zija, ndine Nason. Elinah mtima unakhala pansi. Miyezi inayi ankalemberana. Akaimba, osayankha, ati netiweki yavuta. Janeth yekha sizinamukhutiritse. Anati mwanayu dzina limenelo analisiya zaka zitatu zapitazo, ndiponso ankakonda kutumiza mawu, kulemba ayi.

Masana ena akusita malaya a abwana, Elinah anaimba ya vidiyo. Inayankhidwa. Ankangoona denga la malata, n'kumamva munthu akupuma. Kupuma kwa munthu wamkulu.

"Achimwene, mwana wanga ali kuti?"

Rogers anaulula. Anati mwanayo anasiya kudya, masiku atatu osatuluka m'nyumba, maso pa foni basi. Atawerenga zimene mayi ake analemba, anaika foniyo pa mkeka n'kutuluka. Sanabwerenso. Rogers anaopa kunena, ndiye ankayankha ndi iyeyo.

Kontirakiti ya Elinah inali isanathe, wopita kumudzi panalibe. Abale anafunafuna mpaka ku Limbe ndi ku Mwanza, osamupeza.

Mwezi wathawu nambala yachilendo inaimba. Kumbali inayo kuli zii. Elinah anati, "Lulu?"

Mawu a mwana uja anamveka.

"Nenaninso, amayi."

Ananenanso. Foni inaduka. Atabwezera, anayankha mayi wogulitsa tomato, ati mtsikana wina anangobwereka, komwe walowera sakudziwa.

Zimene zatsala ndi izi, poti ine sindiiwala. Rogers sanapepese. Selinah kuseka kuja sanapepese. Woika chithunzi uja sanachichotse mpaka lero. Elinah mawu ake anawafufuta pa gulu, koma mwana anali atawerenga kale, ndipo ngongole imeneyo alibe poibwezera, chifukwa sadziwa kumene mwini wake akugona.

Phunziro: Mwana wanu akamatukwanidwa pa foni, musaonjezerepo dzanja lanu. Kaya mukumvetsa zimene akunena za iye mwini, kaya simukumvetsa, muimbireni, mumve mawu ake enieni, adziwe kuti pakhomo ndi potsegula. Tumizani kwa makolo onse amene ana awo ali kutali, aimbe lero lomwe.