Buku la a Brar pa Chiwaya

Samusa yachiwiri inali isanafike pakamwa pamene a Tarlochan Brar anaona dzina lawo. Linkaonekera pa kathumba ka pepala konona mafuta, lolembedwa ndi inki yobiriwira, dzanja lawo lomwe. Wina anagulitsa buku limene iwo analemba kwa ogula mapepala akale, ndipo tsopano linkakulungira samusa pageti la koleji yawo mumzinda wa Sangrur.

Mtima unawawa koopsa. Zaka khumi ndi ziwiri akusinkhasinkha nkhani za m'bukumo! Mwini mlandu sanavute kupeza. Chikondwerero cha Diwali, nthawi yoyeretsa m'nyumba, chinali pafupi, nyumba iliyonse inkataya zinyalala, ndipo ndani akanayesa bukulo chinyalala kupatula a Kirpal Dhaliwal, mphunzitsi mnzawo, amene analinyoza m'nyuzipepala kuti ndi mankhwala a tulo?

Analowa m'chipinda cha aphunzitsi ali piringupiringu, n'kuponya kathumbako patebulo.

"Dhaliwal Sahib, njiru yanu yafika mpaka pa chiwaya?"

A Dhaliwal anakasuzumira uku akuphwera tiyi. "Kondwerani, Brar Sahib. Bukulo lapeza ntchito."

Chipinda chonse chinafa ndi phwete. A Brar anawaloza chala.

"Munthu wopanda manyazi inu! Munalinyoza musanawerenge ngakhale tsamba limodzi. Akazi anga a Rajwant, amene sanapondepo pakoleji, analiwerenga katatu konse, amachita kugona nalo kumutu. Tulutsani lanu lija ndinakusainirani. Mukalionetsa, ndivula nduwira yangayi, ndiiyika pamapazi panu!"

Kuseka kunatha. Kumeneko mwamuna sasewera ndi nduwira ya kumutu kwake, ndipo a Brar anali atalumbira pamaso pa anthu khumi ndi anayi.

A Dhaliwal sanafulumire. Anamaliza tiyi, anapukuta ndevu, kenaka anakoka dirowa. Bukulo linatuluka lili lothaitha, chikuto chomata ndi ulimbo, m'mphepete mwa tsamba lililonse muli inki yofiira: "Bodza." "Zopusa." "Apa pokha mwayesako."

"N'loipa ndithu," anatero. "Ndabwereza kasanu kuti nditsimikize."

A Brar anatola kathumba kaja, n'kukamatula pang'onopang'ono popindira. Pamwamba pa dzina lawo, m'malo amene ulimbo unabisa, panali mzere wina wa inki yobiriwira: "Kwa Rajwant wanga, wondiwerenga woyamba."

A Dhaliwal anakankhira mpando m'mbuyo, n'kutambasula mapazi.