Sanza za M'timitsinje

"Pano tadutsapo kale, azakhali," anatero Ansumana.

A Jankeh anaimirira kutsogolo kwa bwato, maso ali m'nthambi za mitengo ya m'mphepete. Timitsinje tinayi tinagawikana pamenepo, tonse tofanana, ndipo madzi ankaphwa msanga kubwerera kunyanja. Nkhafi inali itayamba kukhudza matope, aja omeza munthu mpaka m'khosi.

Ansumana anafika dzana kuchokera ku Ulaya, n'kuumirira kuti akaone kumene malemu amayi ake ankatola nkhono. Anaumiriranso kupalasa yekha kumbuyo.

"Sizikuoneka," anadandaula a Jankeh. "Zaka makumi atatu ndikuyenda muno, sizinasowepo."

"Chiyani?"

"Sanza, mwana iwe! Mayi aliyense amamanga kansalu pokhota. Wopanda sanza satuluka muno."

Ansumana anasiya kupalasa. Pang'onopang'ono anasolola thumba pansi pa mpando n'kulitsegula. Linali lodzaza.

"Ndimayesa zinyalala, azakhali. Ndimati ndiyeretse mtsinje."

A Jankeh anakhala pansi. Sanakalipe. Anapisa dzanja m'thumbamo n'kutulutsa kansanza kofiira kothetheka ndi dzuwa.

"Aka anamanga ndi amayi ako, ali ndi pakati pa iwe. Ndi kamene kamaloza njira ya kumudzi."

"Ndiye tilowere kuti?"

A Jankeh anayang'ana timitsinje tinayi tija, kenaka kansanza kali m'manja mwawo.

"Kakanakhala pamtengo, ndikanakuuza."

Pansi pa bwato panamveka kukhula, ndipo linaima.