Mpira Umene Unagwa Pakati pa Bizwell ndi Mlamu Wake

Panali munthu wina wa kufupi ndi Nsaru, dzina lake Bizwell. Nkhaniyi ndi yoona, a kumeneko akuidziwa.

Bizwell ali ku pulayimale, pasukulu pawo panabwera mphunzitsi wochokera ku Japan. Anabwera ndi chikwama cha ndodo zosalala, magolovesi akuluakulu ndi timipira tolimba ngati mwala. Masewerawo ankawatcha besibo. Wina amaponya mpira, wina amaumenya ndi ndodo n'kuthamanga, ena amamwazikana m'bwalo kuti auwakhe usanagwe pansi. Zaka zimenezo anyamata ankaiwala ndi njala yomwe akangomva ndodo ija ikulira.

Bizwell ankaima kumapeto kwa bwalo, kufupi ndi munda wa mtedza wa ahedi. Pambali pake pankaima mnzake Henderson. Tsiku lina mpira unakwera m'mwamba n'kumatsikira pakati pawo. Onse anauthamangira. Atayandikira, Bizwell anaima poganiza kuti Henderson awakha. Henderson nayenso anaima. Mpira unagwa pakati pa mapazi awo, timu yawo n'kugonja.

Mphunzitsi uja sanakalipe. Anawauza m'Chichewa chake chothyokathyoka kuti mpira wam'mwamba sufuna ulemu. Mmodzi akuwe kuti "Ndisiyire!" ndipo ngati palibe wakuwa, ukuwe ndiwe. Anawakuwitsa zimenezo mpaka onse awiri anasasa mawu.

Anakula. Bizwell anakwatira Victoria, mlongo wake wa Henderson yemweyo. Anapempha chitengwa kwa akuchikazi, n'kukakhala naye kumudzi kwawo kwa Bizwell. Fodya atakanika zaka ziwiri zotsatizana, anapita ku Joni kukagwira ntchito yosamalira maluwa. Anakhalako zaka khumi ndi chimodzi, akumabwera mwa apo ndi apo.

Chaka china Victoria anamva kachotupa m'bere. Kuchipatala chaching'ono anamupatsa kalata yoti apite kuchipatala chachikulu mu Lilongwe mwezi usanathe, pakuti mwina pafunika opaleshoni. Anauza mwamuna wake pafoni. Anauzanso Henderson. Koma kwathu pa nkhani ya opaleshoni mayi sangonyamuka yekha. Pamafunika wina anene kuti tiyeni.

Bizwell anaganiza kuti Henderson ndiye mwini mbumba, ndiponso ali pafupi. Iye akalamula ali kutali kuti mlongo wa eni akang'ambidwe, zinthu n'kuvuta, akuchikazi adzati chiyani? Henderson naye anaganiza kuti mlongo wake ali ku chitengwa, mwamuna wake ali moyo. Akangomunyamula, alamu adzati wawalowerera m'banja.

Ankaimbirana ndithu. Ankakamba za mvula, za feteleza, za mbuzi zolowa m'dimba. Pamapeto Bizwell ankafunsa kuti odwala ali bwanji, Henderson n'kuyankha kuti akuyesera. Foni n'kudula.

Ku Joni, Bizwell ankakhala nyumba imodzi ndi Wilson, amene kale ankaponya mpira pa timu ija. Lamlungu lina Wilson anamvetsera foni yotereyi akusita malaya.

"Kodi akulu, alamu athu odwalawo akuwaperekeza ndani ku tauni?"

"Henderson ali konko."

"Wanena ndi pakamwa pake kuti awaperekeza?"

"Sananene, koma akudziwa."

"Inu ndi Henderson munagwetsa kale mpira pamtedza wa ahedi. Mwayambanso eti?"

Bizwell anaseka. Anamuuza kuti asamafanizire matenda ndi masewera a ana, ndipo nkhani za m'banja zili ndi dongosolo lake. Wilson anamuuza kuti aimbenso pomwepo, anene tsiku ndi dzina la woperekeza. Bizwell anati aimba mawa.

Victoria sanafune kuvutitsa aliyense. Anapinda kalata ija n'kuiika m'Baibulo. Anapalira chimanga, anakumba mtedza, anakolola. Mwamuna wake akafunsa ankangoti zikusintha. Panapita miyezi isanu ndi itatu.

Tsiku lina anagwa pamjigo, dzanja litatupa mpaka paphewa. Amayi a mpingo ndiwo anamunyamula kupita naye kuchipatala, ndipo ndiwo anapeza kalata ija. Dokotala anayang'ana tsiku lolembedwa pakalatapo, napukusa mutu. Anati matenda afalikira, koma akanabwera mwezi umene anauzidwa, pakanakhala chochita.

Bizwell anakwera basi. Uthenga wa maliro unamupeza ali pachipata cha Dedza. Anafika adzukulu atamaliza kale kukumba.

Tsiku lometa, amuna awiriwa anakhala kuseri kwa chigafa. Henderson anatulutsa kalata ija m'thumba, yothothoka m'mopinda, n'kuiika pansi pakati pawo.

"Alamu, ine ndimadikira kuti mulankhule inu."

"Inenso ndimadikira inu, alamu."

Palibe anaitola.

Bizwell sanabwererenso ku Joni. Bwalo lija pano analimapo chimanga, ndipo ana a lero sadziwa kuti besibo n'chiyani. Iye amadutsa pomwepo popita kumanda kukalambula. Akafunsidwa za imfayo, amati sing'anga safunika, amene anapha mkazi wake akumudziwa, ndi iye mwini. Mawu amene anawakuwa ali mwana mpaka kusasa, analephera kuwanena pafoni, mayunitsi ali nawo.

Phunziro: Wodwala samwalira chifukwa chosowa abale okha ayi. Ena amamwalira abale ali mbali zonse, aliyense akupatsa mnzake ulemu. Ngati kwanu kuli kalata ya kuchipatala imene ili m'Baibulo kapena pansi pa mphasa, musafunse kuti ndi udindo wa ndani. Imbani lero, munene kuti "Ndisiyireni," mutchule tsiku. Bola akunyozeni kuti mwalowerera kusiyana n'kukakhala kuseri kwa chigafa. Tumizani nkhaniyi kwa alamu anu ndi kwa onse amene ali kutali ndi kwawo.