Galimoto Yatsopano ya Amayi

Kamwana anazunguliranso galimoto yoyera ija, koma maganizo ake sanali pa galimotoyo. Anali pa mkulu amene anaima kumbuyo kwake, chipewa chili m'manja ngati walowa m'tchalitchi.

A Dalaivala anayamba ntchito pakhomo pa makolo ake iye asanamere mano. Ndiwo ankamupititsa kusukulu, ndiwo anamutengera ku ukwati wake, ndiwonso anatsogolera mdipiti wa galimoto pa maliro a bambo ake. Dzina loti Kamwanalo anamupatsa ndi iwowo, ndipo linamukakamira mpaka pano ali ndi ana akeake. Tsono lero anabwera nawo ku bwalo logulitsira galimoto kuti adzamuthandize kusankha galimoto yatsopano ya amayi, osawauza kuti galimotoyo ikangofika pakhomo, ntchito yawo yatha.

Nkhaniyi anapangana ndi alongo ake pa foni. Galimoto yakale inali itatopa, ndipo chaka chapitachi inayamba kubwerako ndi mabala: lero yakhula geti, mawa bampala yapindika. Anagwirizana kuti mkuluyo wakalamba, akapume. Amayi awagulire ya otomatiki, awalembetse sukulu yoyendetsa galimoto, aziyenda okha. Alongo akewo, poti ali kutali, anagamula mosavuta n'kudula foni. Zokayang'ana nkhalamba m'maso anasiyira iye.

Wogulitsa anali munthu wosapumitsa pakamwa. Anawakokera kaye ku yofiira, yonyezimira, ya mipando yachikopa, akulumbira kuti madamu akakwera imeneyo anthu azikhotetsa makosi mumsewu. A Dalaivala sanamutsutse. Anagwada, napisa dzanja kunsi kwake, n'kudzuka akupukusa mutu. Anati ndi yokongola ndithu, koma mimba yake ili pansi kwambiri, izikhula pa mahampu, ndipo ikadwala masipeya ake mudikira mpaka mutaiwala kuti muli ndi galimoto.

Yachiwiri inali yakuda, yamagiya, yooneka yamphamvu. Apa mtima wa Kamwana unadumpha. Mkuluyu akanasankha imeneyi, iye akanapeza pothawira: akanawauza alongo ake kuti amayi magiya sangawathe, a Dalaivala akhale kaye. Anayamba kuiyamikira kuposa wogulitsa yemwe.

"Si inu mumakonda zamagiya, amalume?"

"Ndimazikonda," anayankha atapondaponda klatchi. "Koma iyi klatchi yake ndi youma, ipweteketsa munthu bondo. Mafutanso imamwa ngati thanki yabooka."

Inatsala yoyera ija, ya otomatiki. Inalibe choti munthu n'kuicheukira. Ndi zija zadzaza mumsewu, zoti ukaimika pa sitolo yayikulu umakayesa kiyi pa ya eniake. Wogulitsa, ataona kumene mphepo ikulowera, anasintha nyimbo: imeneyi sifa wamba, mafuta imangonyambita, makaniko aliyense amaidziwa, ndipo tsiku lodzaigulitsa ogula adzachita kulimbirana. Anapereka makiyi kwa a Dalaivala kuti aizungulitse m'bwalomo. Iwo anawapatsira Kamwana, nati ayese iyeyo, iwo amva ndi makutu.

Anakhala pa mpando wa pambali, manja ali pa mawondo. Kamwana akuyendetsa, iwo ankafunsa ngati chiwongolero chili chopepuka, ngati mabuleki sakugwira modzidzimutsa, ngati mpando umasendera kutsogolo mokwanira munthu wamfupi. Funso lililonse linkamulasa Kamwana. Munthuyu ankagwira ntchito yake ndi mtima wonse, osadziwa kuti akunola mpeni womuchekera iye mwini. Anakumbukira tsiku limene anawakalipira chifukwa cha bampala ija, pamaso pa ana, iwo n'kungoti pepani osawonjezera kanthu. Anachita manyazi kwambiri.

Anaimika galimotoyo pansi pa mtengo kumapeto kwa bwalo, kutali ndi wogulitsa.

"Tengani iyi," anatero a Dalaivala akusisita dashibodi. "Ndi yofatsa. Munthu ukalakwitsa imakukhululukira."

Kamwana sanazimitse injini, kuopa bata. Mawu onse amene anakonza m'mawa uja, oti mwagwira ntchito yotamandika, oti nthawi yakwana yokasewera ndi zidzukulu, anamuthawa. Anangonena mmene zinalili, maso ali pa chiwongolero: kuti iye ndi alongo ake anapangana kale, kuti galimotoyi amayi aziyendetsa okha, kuti Lolemba akawalembetsa kusukulu. Zoti ntchito yatha zinamukanika kutuluka, koma zinamveka zokha. Anadikira kuti mkuluyo akwiye, kapena amukumbutse zaka zonse zija. Akanakonda atamutukwana.

A Dalaivala anazunguza chipewa chawo m'manja kwa kanthawi.

"Kusukuluko musavutike nako, Kamwana. Laisensi ali nayo. Chiyambire maso angawa kuchita nkhungu chaka chatha, woyendetsa ndi mayi anuwo, ine ndimakhala pomwe ndakhala pano. Timasinthana pa kona tikamayandikira geti lanu."

Kenako anatsitsa mawu. "Koma musakawauze kuti ndaulula. Anandiletsa, amvekere ana anga akadziwa akuchotsani ntchito, ndipo ine ndinawatsutsa kuti ayi, Kamwana sangatero."